Giza ikamadontha, musaitseke pakamwa

Ndi cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mwezi wa June, kuseri kwa nyumba ina yogona alendo ku Liwonde. Kamphepo kochokera ku Shire kakulowa mpaka m'mafupa.

Mlonda wanyonyomala pakamwa pa ng'anjo ya njerwa. Akukankhira nkhuni pansi pa mgolo wa malita 200 umene unagonekedwa cham'mbali n'kumatidwa ndi dothi. Moto wagwira. Utsi wakwera. Mgolo wayamba kulira chapansipansi.

Mapayipi atatu akumana pa mgolowo. Ina ikubweretsa madzi ozizira kuchokera ku thanki. Ina ikutenga otentha kupita nawo m'zipinda. Yachitatu sikupita kulikonse: yangoima chilili, yakwera kupitirira denga ndi thanki yomwe, kumapeto kwake kuli pululu.

Dzuwa lisanatuluke, payipi yachitatuyo yatsokomola kawiri, n'kulavula nthunzi ndi timadzi pa malata.

Alendo adzuka, asamba, alipira, apita. Palibe wafunsa kuti payipi yosalowa m'bafa ndi yachiyani.

Komatu ikanakhala yotseka, chimene mlondayo akusonkhezera sichikanakhala boyila. Likanakhala bomba.

Madzi otentha akwera kudenga

Balaka ndi Machinga ndi maboma odziwika ndi dzuwa. Wofika ku Phalula kapena ku Utale mu October sangakhulupirire kuti kuno munthu angatulutse ndalama kugula chotenthetsera madzi.

Koma chaka sichikhala October yekhayekha. Mu June ndi July m'mawa mumazizira, ndipo khanda, gogo, wodwala, ngakhale Msilamu wodzuka usikusiku kukonzekera swala ya m'bandakucha, onse amafuna madzi ofunda.

Ambiri amawapeza monga ankawapezera makolo: mphika pa mafuwa kapena poto pa mbaula, kenako ndowa ulendo wa kubafa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno ndi nyumba pafupifupi imodzi yokha pa nyumba 10 zilizonse imene imaunikira magetsi.

Koma tayendani m'mapuloti atsopano a ku Liwonde, ku Balaka, pa Ulongwe, pa Ntaja kapena pa Nselema. Ndalama za ku Joni zasanduka nyumba za matailosi ndi siling'i. Mwini wake anazolowera shawa yotentha ku Johannesburg kapena ku Durban, ndipo akuifuna kwawo.

Njira zilipo zitatu. Pali giza ya magetsi, yobisika m'siling'i kapena yopachikidwa pakhoma kunja. Pali giza ya sola, ya machubu agalasi, yokhala pamwamba pa malata. Imeneyi anthu anaiona kukoma kwake namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima tsiku ndi tsiku. Ndiye pali mgolo wa nkhuni, umene ena amautcha donki, wodalirika m'nyumba zogona alendo, m'mamishoni ndi m'masukulu ogonera konko.

Mitengo yake ndi yosiyana. Lamulo lake ndi limodzi.

Madzi otentha apatsidwe potulukira.

Zochitika m'mimba mwa thanki

Madzi akatentha amafufuma. Si kwambiri ayi. Giza ya malita 150 ikatenthetsa madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60, amaonjezekera ndi malita awiri ndi pang'ono.

Vuto ndi loti madzi salola kufinyidwa. Malita awiriwo akasowa kolowera amakankha chitsulo, pulesha n'kukwera.

N'chifukwa chake giza yolumikizidwa ku madzi a Water Board imakhala ndi valavu pa payipi yolowetsa madzi ozizira. Valavuyo imagwira ntchito ziwiri: imachepetsa pulesha yochokera mumsewu kuti igwirizane ndi mphamvu ya thanki, komanso imataya timadzi tofufuma tija. Giza ikamatenthetsa, kapayipi kake kamadontha kunja kwa khoma.

Dontho. Dontho. Dontho.

Sikuwonongeka kumeneko. Ndi ntchito ili m'kati.

Valavu yachiwiri ili pa thanki penipeni, cha kumtunda. Amisiri amaitcha sefite valavu kapena TP. Imeneyi sidontha tsiku ndi tsiku. Imadikira tsiku loipa.

Tsiku loipa ndi limene thermostat, kachipangizo kozimitsa magetsi madzi akatentha mokwana, yafa ili yoyatsa. Elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'thankimo, siizimanso. Usiku wonse ikungotenthetsa, banja lili mtulo pansi pake.

Aliyense wophika nyemba amadziwa kuti mphika ukawira chivundikiro chimavina, nthunzi n'kumatulukira m'mbali. Mu mphika madzi sapitirira madigiri 100, chifukwa akafika pamenepo amasanduka nthunzi n'kuthawa. M'thanki yotsekeka alibe kothawira. Pulesha imawaletsa kuwira, ndiye amangotenthabe: 120, 140, kupyola 150, akadali madzi.

Kenako pena pamene dzimbiri linadya pang'ambika. Pulesha igwa nthawi yomweyo, ndipo gawo la madziwo lisanduka nthunzi m'kuphethira kwa diso. Lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imafuna malo a malita oposa 1,600.

Siling'i, malata ndi khoma sizingakambirane nayo.

Sefite valavu anaipanga kuti itseguke madzi asanafike pa madigiri 100, kapena pulesha ikapyola mlingo wake. Imataya madzi otenthawo, ozizira n'kulowa, thanki n'kupulumuka pamodzi ndi anthu ake.

Kumene inasokonezedwa, mbiri yake ilipo. Pa 19 January 1982, pa sukulu ya pulayimale ya Star m'tauni ya Spencer, ku Oklahoma m'dziko la America, ana anali pa chakudya cha masana pamene chotenthetsera madzi cha kukhitchini chinaphulika, khoma n'kugwera m'chipinda chodyera. Ana 6 ndi mphunzitsi mmodzi anafa, ena ambiri anavulala. Ofufuza anapeza kuti valavu ya gasi inali yowonongeka moti moto sunkazima, ndipo kachitsulo komvera kutentha ka pa sefite valavu kanali katachotsedwa.

Sichinali chiboyila cha pafakitale ayi. Chinali chotenthetsera madzi wamba.

"Amisiri, katsekeni kameneka"

Pulambala wa ku Liwonde kapena ku Balaka amene wagwirako ntchito ya magiza, mawu awa si achilendo kwa iye: "Amisiri, kameneka kakundithera madzi. Katsekeni."

Mwini nyumba sakulakwa kudandaula. Madzi ndi a mita, bilu imabwera mwezi ndi mwezi. Khoma lachita ndere. Wochita lendi akuimba foni m'mawa ndi madzulo.

Mmisiri wodziwa ntchito amayankha modekha: "Bwana, kameneka sitikatseka. Ngati kakudontha mopyola, tipeze chifukwa chake."

Wachangu amathamangira ku hadiweya, agula pulagi yachitsulo, akulunga tepi yoyera, amanga ndi sipanala mpaka gwa. Kudontha kwatha. Alipidwa, ayamikiridwa, mwinanso apatsidwa nambala ya achimwene ake a bwanayo.

Wasiya banja lonse m'manja mwa thermostat, kachipangizo kamene tsiku lina kadzafa osatsanzika.

Kudontha kuli ndi chilankhulo chake, ndipo mwini nyumba aliyense angathe kuchimva. Timadontho totuluka giza ikamatenthetsa, n'kusiya ikazima, n'tabwinobwino. Madzi ongoyenderera usana ndi usiku akusonyeza kuti valavu yalowa mchenga kapena yatha, ndipo mankhwala ake n'kuitsuka kapena kugula ina. Koma kapayipi ka sefite valavu kakayamba kulavula madzi owira ndi nthunzi, si nkhani ya mawa. Zimitsani giza pa bolodi ya magetsi, chotsani ana pafupi, itanani mmisiri.

Madzi a kuno ali ndi khalidwe lawo

Buku lobwera m'katoni ya giza linalembedwera nyumba imene madzi ake sasiya. Kuno amasiya.

Matauni a Liwonde ndi Balaka amamwa madzi a Southern Region Water Board. Anthu a ku Balaka sanaiwale chaka cha 2018, pamene damu la Mpira ku Ntcheu linaphwa, mipope n'kuuma, amayi n'kumalawirira ku mijigo. Phunziro linamveka. Lero amene angakwanitse amaimika thanki pa nsanja, wina amakumbitsa mjigo wakewake ndi pampu.

Zonsezi zimafika m'siling'i.

Madzi akasiya mumsewu, giza yopanda valavu yoletsa madzi kubwerera imakhuthukira m'mbuyo, madzi otentha n'kutsikira ku mita. Elementi ikatsala pa mpweya ili yoyaka imapsa m'mphindi zochepa. Nthawi zina madzi otsikawo amakoka thanki m'kati mpaka kuifwanyula. Zoteteza zimenezi ndi timavalavu tiwiri tamkuwa tolowetsa mpweya, timene timaimikidwa pa mapayipi masentimita 30 pamwamba pa giza. N'totsika mtengo poyerekeza ndi thanki, komabe n'timene timayamba kufufutidwa pa koteshoni bwana akati ndalama zachuluka.

Madzi akamabwera, amakonda kubwera usiku, ndi mphamvu, akukankha mpweya patsogolo. Mapayipi amagunda m'khoma. Apa ndi pamene nambala yolembedwa pa giza imagwira ntchito. Ngati thanki yalembedwa 400 kPa, valavu yake isapose 400. Kuika ya 600 chifukwa ndi imene inapezeka m'sitolo n'kufupikitsa moyo wa thanki.

Wa thanki ya pa nsanja vuto lake ndi lina. Mamita 10 a kutalika amapereka pulesha ya pafupifupi 100 kPa. Nsanja ya mamita 5 imapereka theka lake, shawa n'kumangolira misozi. Mwini nyumba agula pampu. Pampuyo ikakankhira madzi mu giza ya sola yosapangidwira pulesha, kapena mu mgolo, msoko wowotcherera umatseguka.

Ndiye pali mwala. Balaka ndi dziko la laimu, ndipo mapiri a Chenkumbi akhala akudyetsa mabanja ndi kuwotcha laimu kwa zaka zambiri. Madzi a m'mijigo yambiri ya kuno amabwera atasungunula mwala womwewo, ena ali ndi kamchere. Suzumirani m'ketulo ya pakhomo lomwa madzi a mjigo, muona makoko oyera pansi pake.

Makoko omwewo amamera pa elementi, mayunitsi n'kumathera kutenthetsa mwala. Amameranso m'kati mwa sefite valavu mpaka kuimata. Valavu yomatika ndi laimu siisiyana ndi yotsekedwa ndi pulagi, kungoti imeneyi palibe amene angaimbidwe mlandu.

N'chifukwa chake giza imafuna kuyenderedwa ngakhale isanadwale. Mmisiri ayese valavu ngati ikutseguka, achotse makoko, aone kandodo kachitsulo ka m'kati kamene opanga anakaika dala kuti dzimbiri lidye iko m'malo modya thanki. Kandodoko kakatha, dzimbiri limatembenukira thanki.

Payipi si payipi

M'mahadiweya a pa Liwonde ndi pa Balaka mapayipi aima m'mizere: oyera ndi otuwa a PVC, obiriwira a PPR, achitsulo a GI, ndi a kopa kwa amene thumba lake n'lolemera. Wogula wosadziwa amafunsa mtengo. Samafunsa kutentha.

PVC ndi ya madzi ozizira. Madzi akayandikira madigiri 60 imayamba kufewa, kupindika, guluu n'kumasuka m'majoini. Ikaikidwa ku giza imakhala bwino mwezi woyamba, mwina chaka choyamba, kenako tsiku lina imasolokera m'siling'i, madzi otentha n'kugwera pa bedi.

PPR imalimba ku madzi otentha ngati ili ya mlingo wake ndipo yawotchereredwa bwino ndi makina ake. Mmisiri akaitenthetsa mopyola, pulasitiki imasungunukira m'kati n'kutseka njira. Kunja joini ikuoneka yokongola, m'kati mwatsala kabowo kongodutsa chitsulo cha njinga.

Pafupi ndi moto wa mgolo sipafika pulasitiki yamtundu uliwonse. Pamenepo ndi pa chitsulo kapena kopa basi.

Payipi yofunika kuposa onse ndi yotuluka pa sefite valavu. Ikhale yachitsulo kapena ya kopa, chifukwa tsiku lake logwira ntchito idzanyamula madzi owira. Isachepe kuposa kamwa la valavuyo. Itsetsereke njira yonse, isakwere pena paliponse, ndipo pasakhale chotsekera chilichonse. Ithere kunja, pamalo poti anthu aone ikamatuluka madzi, koma osati pakhonde pokhala ana, osati pamwamba pa potsukira mbale, osati pakanjira ka kuchimbudzi.

Pansi pa giza ya m'siling'i pamafunika thireyi yolandira madzi, yokhala ndi payipi yakeyake yotulukira kunja. Ndipo pamafunika mitengo yolimba. Malita 150 ndi makilogalamu 150, osawerengera thanki, kulemera kofanana ndi matumba atatu a chimanga. Malo ake ndi pamwamba pa khoma, osati pakati pa chipinda pa mapulanga awiri amene chiswe chinayamba kale kulawa.

Mgolo ndi dzuwa zilibe swichi

Giza ya magetsi ili ndi thermostat. Nkhuni zilibe. Dzuwa lilibe.

Mgolo wa malita 200 anaupangira kusunga mafuta, osati kulimbana ndi pulesha. Sulumikizidwa mwachindunji ku madzi a mumsewu. Umamwa kuchokera ku thanki ya pamwamba, ndipo payipi yake yopumira imakwera kupitirira pamene madzi a m'thankiyo amalekezera. Ikafupika, madzi amangosefukira, ndipo kusefukirako n'kumene kumayesa munthu kuti aikepo chotsekera. Mankhwala a payipi yaifupi n'kuitalikitsa.

Pa payipi yopumira sipaikidwa geti valavu, ngakhale ya "kungotseka pang'ono usiku". Wotseka ndi wina, wosonkha moto m'mawa ndi wina.

Ngozi ina imabwera tsiku limene thanki yauma. Mlonda wasonkha moto monga mwa masiku onse, osadziwa kuti mgolo uli mbee. Chitsulo chafiira. Madzi abwera mwadzidzidzi, agwera pa chitsulo chamoto, nthunzi ibadwa yambiri kuposa imene payipi ingatulutse. Choyamba m'mawa si machesi. N'kutsegula mpope wa madzi otentha n'kuona ngati akutuluka.

Ngakhale popanga boyilayo pali msampha. Mgolo umene munali petulo kapena mankhwala umasunga mpweya wake nthawi yaitali utatha kukhuthulidwa. Wowotcherera akaugunda ndi moto usanatsukidwe bwino n'kudzazidwa madzi, umamuphulikira m'manja.

Ng'anjo nayo malo ake ndi kunja. Makala ndi nkhuni zoyaka m'chipinda chotseka zimatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Mbaula yolowetsedwa m'bafa kuti mufunde ndi chimodzimodzi: munthu amayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tosadzuka.

Mgolo ulinso ndi ngongole ina imene siilembedwa pa bilu. Nkhuni zake zikuchokera m'mapiri omwewo a Machinga ndi nkhalango ya Liwonde, zimene owotcha makala azimeta kale mbali zambiri.

Sola ilibe ngongole imeneyo, koma ili ndi ukali wake. Masana a October, banja litapita ku ukwati ku Ntaja, palibe wotsegula mpope. Machubu akumwa dzuwa kuyambira m'mawa. Pofika 2 koloko madzi a m'thanki akuwira, kapayipi kopumira kakulavulira pa malata. Mwini nyumba akabwera n'kuona zipsera pa denga lake latsopano, maganizo oyamba amakhala omwe aja: katsekeni.

Giza ya sola ya pulesha yochepa imakhala ndi moyo chifukwa cha kapayipi kameneko. Ndipo popeza madzi ake amatha kutsika ali owira, pamafunika valavu yosakaniza otentha ndi ozizira asanafike ku shawa. Popanda imeneyo, mwana wotsegula mpope madzulo a October akutsegula ketulo.

Mpope ukamaluma

M'nyumba zina anthu anazolowera kuti mpope wa kubafa "umagwira pang'ono". Amautsegula ndi chisanza, n'kumaseka.

Si zoseka. Magetsi akudutsa pamene sakuyenera kudutsa, kawirikawiri chifukwa elementi yang'ambika ndipo waya wa ethi palibe kapena waduka. Munthu wonyowa, wopanda nsapato, woima pa simenti, ndiye njira yaifupi ya magetsiwo kupita pansi.

Giza imafuna waya wokula bwino wochokera pa bolodi, buleka yakeyake, swichi yozimitsira pafupi nayo, ndi ethi yomangidwa pa thanki ndi pa mapayipi achitsulo. Ntchito imeneyi si ya pulambala. Ndi ya wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA.

Zomwezo ndi kachitsulo kopinda kamene ophunzira ndi ochita lendi amaviika m'ndowa. Chala choyesa ngati madzi atentha chisalowe m'ndowa pulagi ili pakhoma.

M'thanki 60, pa mpope osapyola 50

Mayunitsi akamathamanga, mwini nyumba amauza mmisiri kuti atsitse thermostat kufika pa 40. Zikumveka zanzeru. Koma madzi ofunda ongokhala ali ndi mlendo wawo.

Mu 1976, anthu amene anasonkhana pa hotela ina ku Philadelphia pa msonkhano wa American Legion anadwala chibayo chachilendo pamodzi ndi ena amene anali pafupi ndi hotelayo, ndipo onse pamodzi 34 anafa. Kachilombo kake, Legionella, kamaswana m'madzi a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo kamalowa m'mapapo kudzera m'timadontho touluka, monga ta shawa. Pa madigiri 60 kamafa. Ndiye chifukwa chake thanki imasungidwa pa 60.

Koma madzi a madigiri 60 amawotcha khungu la munthu wamkulu mpaka m'kati m'masekondi pafupifupi 5. La mwana ndi la gogo silidikira n'komwe. Pa madigiri 50 zimatenga mphindi zingapo, nthawi yokwana kuti munthu athawe. Valavu yosakaniza ija ndi imene imagwirizanitsa ziwirizi: thanki itenthe mokwana kupha kachilombo, mpope utulutse madzi osasupula mwana.

Tisanamizane, ana ambiri opsa ndi madzi m'maboma ano sanaionepo giza. Amapsa ndi mphika wa pa mafuwa, phala, tiyi, ndi ndowa yosiyidwa pabwalo mayi atapita kukatunga ozizira. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chakhala ndi wodi yapadera ya opsa kuyambira mu 1993, ndipo ambiri mwa ogonekedwa kumeneko ndi ana. Lamulo la m'beseni ndi lakale koma silikalamba: ozizira ayambe, otentha atsatire.

Ngozi ikachitika, thirani madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20. Chotsani zovala zonyowa, kupatula zimene zamatirira. Musapakepo dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena phulusa, ndipo matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kuthamangira ku chipatala. Cha boma cha Machinga chili pa Liwonde, cha Balaka chili m'tauni momwemo, ndipo zikakula amatumiza ku Zomba kapena ku Queens.

Ayendere ndani?

Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito lili ndi ndime zokhudza maboyila a nthunzi a m'malo a ntchito. Giza ya m'siling'i mwanu palibe amene amagogoda pakhomo chaka ndi chaka kudzaiona.

Magiza ambiri ogulitsidwa kuno amachokera ku South Africa. Kumeneko kaikidwe kake kali ndi muyezo wotchedwa SANS 10254, umene umanena za mavalavu, thireyi ndi mapayipi otulukira, ndipo pulambala wolembetsedwa amasayinira satifiketi yotsimikiza kuti watsatira zonse.

Giza imalowa pa Mwanza. Satifiketi imatsala ku Beitbridge.

Sikuti amisiri odziwa kulibe. Bungwe la TEVETA lakhalapo kuyambira mu 1999, ndipo makoleji a ntchito zamanja amatulutsa mapulambala chaka ndi chaka. Enanso anaphunzira pa manja a mkulu wodziwa, ndipo ntchito yawo ndi yaukhondo. Koma pa msika wa makoteshoni amapambana ndi wotchipa, ndipo njira yotchipitsira ndi kuchotsa zimene bwana saziona.

Bwana ali ku Joni saona zambiri. Amalandira zithunzi pa WhatsApp: matailosi awala, shawa ikutuluka, sinki yakhala. M'siling'i simujambulidwa. Ndalama atumiza, makiyi apita kwa wochita lendi, ndipo wogona pansi pa thankiyo ndi munthu amene sanaone koteshoni ngakhale tsamba limodzi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kufunsa kwake sikufuna dipuloma.

Mmisiri asanatsike pa makwerero, kwerani naye, kapena mutume m'bale wanu akwere ndi foni. Akulozereni sefite valavu ndi chala. Atsatire payipi yake mpaka pamene yathera kunja. Akuonetseni nambala ya pulesha ya pa thanki ndi ya pa valavu, muone ngati zikugwirizana. Akuonetseni waya wa ethi. Ngati ndi mgolo kapena sola, akuonetseni payipi yopumira, ndipo muone ndi maso anu kuti kumapeto kwake n'kotsegula.

Kenako mufunseni funso limodzi: "Amisiri, thermostat itafa usiku uno, madzi atulukira pati?"

Akalephera kukulozerani, ndalama yotsalayo ikhale kaye m'thumba.